Mmene Ndinkadyetsera Madzi

Chinthu chilichonse cholowa m'nyumba chili ndi chingwe cha magetsi kumchira, ine ndimayamba ndafunsa kuti chimadya chiyani. Ena amati ndi umbuli, poti sukulu ndinangoiona padenga. Koma ndaona ayironi ikudya diresi la mkwatibwi, ndaona firiji ikudetsa khoma ndi utsi, ndaonanso mwana wa aneba atamatirira pa ketulo, tsitsi lili njoo. Choncho tsiku limene mdzukulu wanga anabweretsa makina ake, ndinakokera mpando pakhomo pa chipinda chakuseri, n'kukhala pamenepo kuti ndidzimvere ndi makutu anga.

Mdzukulu wangayo timamutcha Namondwe. Ndinamulera ndekha mayi ake atatisiya, ndipo dzinalo silinagwe pachabe: akalowa m'nyumba, zitseko zonse zimadziwa. Iyeyo amanditcha mkazi mnzake, ati mwamuna wake timagawana. Mwamunayo ndi dalaivala wa galimoto yogawa buledi m'magolosale, munthu wabwino koma wapakamwa. M'mawa uliwonse moni wake ndi womwewo: "Akazi anga aakulu, lero tifa ndi chiyani?" Ine ndimamuuza, poti wafunsa. Iye n'kumaseka.

Namondwe anatsuka mapoto ku lesitilanti ina zaka zambiri, mpaka tsiku lina anavula epuloni n'kuwauza abwana ake mawu amene munthu ukanena subwereranso. Anayamba yakeyake: kugula ndiwo zamasamba kumsika, kutsuka, kuduladula, kulongedza m'timapepala tapulasitiki, n'kumagulitsa kwa amayi apantchito amene amafika kunyumba atatopa, kuti azingothira mumphika. Zinkayenda mwapakatikati. Kenako kunabwera mwayi umene unamulanda mtendere. Akulu a khitchini ya chipatala china chaching'ono ankafuna munthu woti aziwapatsa letesi, nkhaka, karoti ndi tomato zodula kale, zoti odwala azidya zosaphika. Inde, mwamva bwino. Munthu wadwala kale, inu mukumupatsa masamba aawisi ngati mbuzi. Ndinanena. Anandiyankha kuti imeneyo ndi saladi, ngati dzina limaphika chinthu.

Akulu a khitchiniwo sanabise mawu. A zaumoyo abwera kudzatenga masamba otsuka kuti akawapime. Akapezamo tizilombo koyamba, amupatsa mpata wina. Akapezamo kachiwiri, oda ya masambayo ipita kwa munthu wina, ndipo oifuna anali pamzere. Ku lesitilanti malo ake anali atalowapo kale wina. Mtima wonse wa mwanayo unapachikika pa oda imeneyo. Chipinda chakuseri, mmene munkakhala matayala akutha ndi sutikesi yanga, anachikolopa, anamata matailosi oyera, anaikamo thebulo lachitsulo, waya wotchinga ntchentche pawindo, ndi beseni lalikulu loti mwana atha kumiramo. Zoti mwana atha kumiramo ndinanenanso, ngakhale m'nyumba muno mwana mulibe.

Makinawo anabwera nawo bambo wina wamfupi, pensulo kukhutu, amene ndinawatcha a Mapaipi chifukwa chikwama chawo chinali chodzaza timapaipi. Anakhomera kukhoma kabokosi koyera kosaposa buledi, n'kutsitsira kapaipi m'beseni. Kumapeto kwa kapaipiko kunali kamwala, ndipo pamwamba pa kamwalako anayala kathandala ka waya kuti masamba asamakagunde. Atayatsa, kabokosiko kanayamba kung'ung'udza, madzi n'kuyera mbuu ndi thovu ngati akuwira. Ndinayandikiza chigongono. Ozizira! Madzi owira koma ozizira, ndipo anthu atatu akuluakulu aima pamenepo akumwetulira.

"Kabokosi aka," anatero a Mapaipi, "kamakoka mpweya wamba n'kuumenya ndi magetsi. Ukatuluka ndi mpweya wina, umatchedwa ozoni. Madzi akaumwa mpweya umenewo amapha majeremusi."

"Fungo ili ndikulidziwa," ndinatero ine. "Ndi la mphezi ikangogwa kumene."

"Agogo mwalasa! Ndi mpweya womwewo."

Anayankha mokondwa, ngati andiuza kuti kwabadwa mwana. Mphezi m'beseni, m'nyumba ya anthu.

Nthawi imeneyo foni ya Namondwe inalira, kasitomala wofuna kabichi, ndipo anatembenukira kukhoma n'kutseka khutu linalo ndi chala. Dalaivala anali kalikiliki kudzijambula ataima pambali pa kabokosi, chala chachikulu m'mwamba. A Mapaipi anapitiriza kulankhula, chifukwa ntchito yawo ndi imeneyo.

"Koma apa ndiye pofunika. Madzi awa ndi anjala, ndipo sasankha. Chilichonse chochokera ku chamoyo, kaya dothi lakumunda, manyowa, utomoni wa masamba, mafuta, magazi, mkaka, amayamba kulimbana nacho chimenecho. Kabokosika n'kakang'ono, mpweya wake ndi wowerengeka. Ukathera pa zinyalala, majeremusi amangosambiramo ngati ali patchuthi. Ndiye masamba muziyamba mwatsuka ndi madzi apampopi mpaka matope onse achoke. Muno muzilowa zoyera zokhazokha. Madzi akada, tayani, musawasunge."

"Tamva, tamva," anatero dalaivala, maso ali pa chithunzi chake.

Ine ndinakweza dzanja ngati mmene ndimaonera ana asukulu. "Nanga dzanja la munthu silochokera ku chamoyo?"

Onse anaphulika. Ngakhale Namondwe anatseka foni ndi chikhatho kuti aseke bwino.

"Agogo," a Mapaipi anapukuta misozi, "dzanja ndi lalikulu."

Mvetserani bwino yankho limenelo, chifukwa ine ndinalisunga. Sanati ayi. Anati ndi lalikulu. Njenjete nayo sidya bulangete tsiku limodzi.

Sipanatenge nthawi. Namondwe anayamba kuyeserera, m'mawa mpaka masana manja ali m'madzi: beseni la matope, beseni la mphezi, mpeni, anyezi, sopo, kubwereranso m'beseni. Zala zinayamba kufiira. Kenako khungu la pakati pa zala linayera n'kuyamba kusupuka ngati la njoka. Kenako ming'alu, ina yotuluka timagazi. Mphete yaukwati anaivula n'kuipachika pa msomali wa kalendala. Manja amenewo ndimawadziwa kuyambira ali ngati timasamba. Ndinawaphunzitsa kugwira supuni.

"Taona, akukudya," ndinamuuza.

"Mkazi mnzanga, musandiyambe. Ndi ntchito basi."

"Vala magolovesi."

"Amandichedwetsa. Letesi samveka bwino m'manja."

"Ndiye zimitsa chinthucho."

"Ndizimitse oda yanga?"

Pamenepo ndinadziwa kuti pakamwa sipathandiza. Ndinakhala pansi n'kuganiza, ndipo sindinaganize zanga ayi, ndinangotsata mawu a mwini makina. Galu wolusa suchita naye makani. Umamuponyera fupa, iwe n'kudutsa.

M'mawa uliwonse Namondwe ankadzaza beseni, kuyatsa kabokosi kuti madzi ayambe kumwa mpweya, n'kukwera galimoto ya buledi kupita kumsika. M'nyumba tinkatsala awiri, ine ndi beseni. Ndinatenga kansalu kanga koyera, kochapa bwino, kosita, chifukwa ine uve sindigwirizana nawo. Ndinamangamo makoko a karoti adzulo, masamba ofota a kabichi, ndi kachidutswa ka buledi. Ndinakweza kathandala ka waya ndi mphanda yopachikira nsalu, poti dzanja langa sindikanaliikamo, n'kukankhira kamtoloko pansi, pafupi ndi kamwala. Thovu linkabisa zonse. Ndisaname, ndinawalankhula pang'ono madziwo. Ndinati, "Idyani izi, mwanayo mumusiye."

Posakhalitsa fungo la mphezi lija linazilala. Mtima wanga unakhala pansi. A Mapaipi sananame.

Tsono apa ndikufuna anthu amve, chifukwa pambuyo pake kunamveka mawu oti ndinkachita mobisa. Bodza. Tsiku lomwelo, Namondwe atangofika ndi matumba, ndinaima pakhomo n'kumuuza zonse mwandondomeko monga ndimachitira. Ndinati pansi pa khonde paterera, tayala lakumbuyo la galimoto likuoneka lofewa, mpeni wausiya choyang'ana m'mwamba, madzi ako ndawadyetsa kale, ndipo denga la kubafa lili ndi banga lachilendo.

"Zikomo agogo," anatero, n'kundidutsa ndi thumba la nkhaka.

Tsiku lililonse ndinkanena. Tsiku lililonse ankathokoza. Munthu akakuthokoza, iwe ungadziwe bwanji kuti sanamve?

Tsiku lina ananunkhiza m'chipindamo n'kunena kuti, "Koma fungo lija latha."

"Mphuno imazolowera," anatero dalaivala. "Ine buledi ndinasiya kalekale kumumva."

"Ndi chifukwa akhuta," ndinatero ine.

"Eya, agogo."

Chimene chinandidetsa nkhawa n'chakuti manja aja sanapole. Ming'alu inkangowonjezeka. Ndinazindikira kuti njala ya madziwo ndinaichepetsa. Makoko a karoti angakhutitse mphezi? Ndinayamba kuwonjezera. Aliyense amene analerapo mwana amadziwa kuti mkaka umafoola poizoni, ndiye pa mkaka wa tiyi wanga ndinkapatulako kakapu n'kuthiramo. Madzi anali oyera kale ndi thovu, sanasinthe nkhope. Tsiku limene tinagula nkhuku ndinadulako kakhungu kamafuta ndisanaphike n'kumangira m'kansalu muja. Ine ndemwe ndinadzimana, poti khungu la nkhuku ndimalikonda. Madzulo Namondwe akataya madzi, ndinkapempha kuti beseni nditsuke ndine, iye akapume. Ankati ndine mngelo.

Amayi apantchito aja ankaphika zimene ankagula, ndiye kwa iwo kunali zii. Wodya saladi yoyeserera anali dalaivala, poti ine ndinakana ndipo Namondwe analibe nthawi yokhala pansi. Ankadya ndi mtima wonse, mbale yaikulu, akundiyang'ana.

"Akazi anga aakulu, lawani chitukuko."

Itatha sabata, chitukuko chinamugwira. Anabwera masana nkhope ili mbuu, lamba atamasula. Ati buledi anafika mochedwa m'magolosale onse, chifukwa pamalo aliwonse othirira mafuta ankaima, koma osathira mafuta.

"Ndinanena ine," ndinamuuza ndikumusungunulira shuga ndi mchere. "Mphezi sadya."

Anangobuula. Tsiku limenelo sanandifunse kuti tifa ndi chiyani.

Mayi wa zaumoyo anabwera Lachiwiri lina m'mawa. Wamtali, chovala choyera, kaneti kumutu, kabokosi kozizira m'manja. Anayang'ana matailosi, anayang'ana zikhadabo za Namondwe, anasuzumira pansi pa thebulo. Anatenga masamba ena m'thumba lochokera kumsika, osatsuka, n'kuika m'kabotolo. Anadikira Namondwe atsuke ena m'beseni la matope, awaviike m'beseni la mphezi, n'kutenganso amenewo. Ine tsiku limenelo ndinali nditawadyetsa bwino kuposa masiku onse. Mlendo akubwera, galu sumusiya ndi njala.

Yankho linabwera pafoni patapita masiku. Manja a Namondwe anali onyowa, ndiye anadina ndi chigongono kuti mawu amveke mokweza, ndipo tonse tinamva.

"Mayi, sindikudziwa ndikuuzeni bwanji," anatero wa zaumoyo uja. "Masamba osatsuka aja anali ndi tizilombo, monga amakhalira masamba akumsika. Koma amene anatuluka m'beseni lanu anali ndi tochuluka kuposa pamenepo. Kunena mosapsatira, bola mukanangowasiya osatsuka. Ndibweranso sabata yamawa. Mukudziwa kuti ndi komaliza."

Namondwe anatsetsereka ndi khoma mpaka kukhala pansi pa matailosi onyowa. Sanalire. Anangoyang'ana beseni, maso ali gwa. Ndinamuuza kuti adzuke, pansi ponyowa pamalowetsa chibayo. Ndinamuuzanso kuti mwina ndi mwayi, abwerere ku zinthu zophika ngati anthu. Anatola foni n'kuimbira a Mapaipi, ndipo mawu amene anawauza sindingawabwereze, ndine munthu wamkulu.

A Mapaipi anafika m'mawa mwake, Namondwe atangobwera kumsika, masamba asanalowe m'madzi. Pensulo inali kukhutu komweko koma kumwetulira anakusiya kunyumba. Anatulutsa kabotolo ka mankhwala. Ati ukadonthetsera m'madzi okhala ndi ozoni, madziwo amafiirira. Akapanda kufiirira ndiye kuti mulibe kanthu. Anatunga madzi apampopi m'ndowa ina, anasamutsira kapaipi mmenemo, anadikira pang'ono, n'kudonthetsa. Madzi anafiirira ngati maluwa.

"Makina anga ndi awa, ali moyo," anatero.

Kenako anatunga m'beseni lalikulu lija, limene linakhala likuwira kuyambira m'mamawa. Anadonthetsa. Mbee, ngati misozi. Anadonthetsanso. Mbee.

"Mayi, mumaponyamo masamba amatope."

"Ndikuponyereni inuyo! Lero simunalowe ngakhale tsamba limodzi. Matumba ndi awo, osamasula."

"Ndiye muli china chimene chikudya mphamvu."

"Si china chikudya," ndinatero ndili pampando wanga pakhomo. "Iwowo ndi amene akudya."

Palibe anatembenuka. A Mapaipi anapinda malaya, anazimitsa kabokosi, n'kupisa dzanja lonse mpaka m'chigongono. Ndinatseka maso. Atakweza kathandala ka waya anaima chilili. Anatulutsa kamtolo kanga atakagwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, kakudontha. Anakaika pathebulo lachitsulo n'kumasula mfundo. Makoko, buledi wofufuma, khungu la nkhuku litayera.

Dalaivala, amene anali atangoyamba kuyenda mowongoka, anabwerera m'mbuyo mpaka kugunda chitseko. "Atichita! Ndinkadziwa ine, anthu sakondwa. Ndi mayi wa anyezi uja, amatiyang'ana moipa."

"Mayi wa anyezi mumusiye," ndinatero. "Ndi chakudya chawo chimenecho. Kansaluko mundibwezere, ndi kanga."

Madzi ankadontha kuchoka pathebulo.

"Agogo," anatero Namondwe motsitsa. Akati agogo ndi mawu otsika chotero, osati mkazi mnzanga, ndiye kuti mitambo yasonkhana. "Mwati chiyani?"

"Ndimawadyetsa kuti asakudye manja. Ndimathiramonso mkaka. Ndimakuuza tsiku lililonse, iwe n'kumathokoza."

"Mumandiuzanso kuti denga ligwa!"

"Ligwa."

"Mumandiuza kuti tayala liphulika, kuti ndimira m'bafa, kuti wailesi itenthetsa nyumba! Ndingasankhe bwanji chenicheni pa zonsezo?"

"Zonse ndi zenizeni. Zina sizinafike chabe."

Dalaivala anagwira pamimba pake, akuyang'ana khungu la nkhuku. "Akazi anga aakulu," anatero mwapansipansi, "ukwati wathu ndi wa zaka zambiri. Ndinakulakwirani chiyani?"

Ndinatembenukira kwa a Mapaipi, poti iwo ndiwo mboni. "Bambo, nenani zoona. Simunanene kuti madziwa ndi anjala? Simunati akakhuta mafuta ndi mkaka amasiya kuluma?"

A Mapaipi anakhala pa ndowa yovundikira, mutu m'manja. "Ndinanena," anatero. "Ndakhala ndikuika makina awa m'nyumba zambiri. Ndimalankhula mpaka kukhosi kuuma, anthu akusewera ndi mafoni. Munthu woyamba kumva mawu anga onse, osataya ngakhale limodzi, ndi agogo awa. Ambuye ndichitireni chifundo."

Ine ndinalandira ngati chiyamikiro, ngakhale nkhope yawo sinkagwirizana nazo.

Anafotokoza kuti tizilombo ta pakhungu la nkhuku tinkasambira m'madzi okhuta aja n'kukwera pa letesi aliyense wolowamo. Anagwiranso manja a Namondwe, kuwatembenuza, n'kunena kuti si ozoni ayi, ndi kukhala m'madzi tsiku lonse, sopo ndi anyezi. Wochapa aliyense amatero. Chabwino. Munthu wogulitsa agalu anganene kuti agalu ake amaluma ana?

Namondwe sanakuwe. Bola akanakuwa. Anataya madzi onse, anakwecha beseni mpaka manja kutuluka magazi, anawiritsa kathandala ndi kamwala, kansalu kanga n'kuponya m'bini. Dalaivala anatumidwa kukagula loko. Madzulo ake Namondwe anabwera pamene ndinakhala, n'kugwada kuti maso athu alingane.

"Agogo, ndatsala ndi mpata umodzi. Umodzi. Ukandiphonya ndilibe kolowera. Mukumva?"

"Ndikumva. Nawenso manja uli nawo awiri okha."

Anayang'ana manja akewo. Kenako anati, "Ndikavala magolovesi, musiya?"

"Aatali, ofika m'zigongono."

"Ofika m'zigongono."

"Ndi mafuta odzola ukamaliza."

"Ndi mafuta. Koma inu m'chipinda muja phazi lanu lisapondemo. Ngati manja akukuyabwani, beseni la matope ndilo lanu, panja pa mpopi. Maso anu amaona zoopsa pamene palibe. Kaoneni pa letesi."

Ndi mmene ndinapezera ntchito pa ukalamba wanga. Ndipo ndikuuzeni, amene mumadya masamba aawisi, simudziwa chimene chimakhala m'makwinya a letesi. Ndinapezamo nkhono zazing'ono, mbozi zobiriwira zofanana ndi tsamba lenilenilo, mchenga, manyowa, tsitsi la munthu, ndi kanthu kena kamiyendo yambiri kamene mpaka lero sindikadziwa dzina. Tsamba lililonse ndinkalitsegula, kulitsuka kuwiri konse, kuliyang'ana padzuwa, kusintha madzi, kutsukanso. Namondwe ankaima pakhomo ndi magolovesi ake achikasu akupondaponda. "Mkazi mnzanga, odwalawo achira asanadye!" Ine osatekeseka.

Koma mtima sunali m'malo. Ndinkadziwa chimene ndikuchita. Kadothi kalikonse kamene ndinkachotsa ndinkakalanda m'kamwa mwa madzi aja. Masamba ankalowa oyera, madzi n'kutsala ndi njala yawo yonse, ndipo fungo la mphezi linabwerera mpaka kumamveka pakhonde. Ndinkanola mpeni ndi manja anga, mwana wanga ali kutsogolo kwake.

Tsiku lobwera mayi wa zaumoyo linafika. Namondwe anadzuka, anadzaza beseni, anayatsa kabokosi. Ine ndinamaliza masamba anga n'kuwaika m'sefa, kenako ndinadzipangira tiyi, mkaka wambiri, poti m'mawawo kunkazizira. Galimoto ya mayiyo italira kumpanda, Namondwe anavula magolovesi, anawaponya pathebulo n'kuthamanga kukatsegula geti. Loko anaisiya ikulendewera. Chitseko chili pululu.

Sindinalowe. Ndinangoima pakhomo, monga mwa pangano, zala za kumapazi zili pamzere wa matailosi. Beseni linali pafupi, mkono umodzi. Linkawira mwaukali, fungo lolasa m'mphuno. Ndiye maso anga, amene amati amaona zimene palibe, anaona golovesi lakumanja. Pa chala chamkombaphala panali pong'ambika, mpeni unadutsapo. Chala chimenecho ndi chomwe chinali ndi mng'alu waukulu, wosapola.

Kapu inali m'dzanja langa, yodzaza. Kungopendeketsa pang'ono basi. Thovu likanabisa. Kumpanda ndinkamva Namondwe akupereka moni ndi mawu aulemu amene sali ake, akuseka pamene palibe choseketsa. Mawu amenewo ndinawamvapo kale, tsiku limene ndinamusiya pageti la sukulu koyamba, atagwira chikwama ndi manja awiri.

Ndinaumwa tiyiyo. Wonse, kamodzi, wotentha choncho. Lilime linapsa, kukhosi kunapsa, misozi inatuluka. Pamene ankafika pakhomo anandipeza ndikutsokomola, kapu ili gwa m'manja, yopanda kanthu. Namondwe anayang'ana kapu, anayang'ana beseni, anandiyang'ana ine. Nkhope yake inachita mdima.

"Agogo?"

Ndinatulutsa lilime kuti aone. Kenako ndinaloza pathebulo. "Golovesi lang'ambika. Usaviike chala chimenecho, ndakugwira mwendo. Tenga lina."

Anapumira m'mwamba ngati munthu wotula mtolo. Anatsegula kabati n'kutenga lina latsopano, osatsutsa, koyamba chibadwire. Mayi wa zaumoyo ananunkhiza m'mwamba n'kukwinya mphuno. "Lero ndiye kukununkha makina," anatero. Ndinamuchenjeza kuti asaweramire kwambiri, ndiponso kuti chidendene cha nsapato yake chatsala pang'ono kuthyoka. Anati zikomo agogo.

Masiku odikira Namondwe sankadya. Foni ikalira ankalumpha ngati waponda moto. Yankho linamupeza akusenda karoti, ndipo ulendo uno sanakweze mawu, anangoiika kukhutu ndi golovesi lonyowa. Ndinaona msana wake ukuwongoka. Kenako kukuwa kumene anandisungira sabata yonse kunatuluka, mpaka agalu a aneba anayankha. Anandinyamula, ine munthu wa mafupa ofooka, n'kundizunguza pakati pa khitchini pamene pali mipeni.

"Oyera! Ati oyera ngati a m'buku! Oda ndi yanga, mkazi mnzanga!"

"Nditsitse, uthyola msana."

Dalaivala anafika akuliza hutala kuyambira kumsewu. Anandigwadira pakhonde n'kunena kuti wandikhululukira, koma chakudya chochokera m'manja mwanga aziyamba wapatsa mphaka.

Walira mvula walira matope. Akulu a khitchini aja atamva zotsatira anakondwa kwambiri moti anawonjezera oda: masamba a odwala, a manesi, a alonda, ndi zipatso pamwamba, tsiku lililonse ngakhale Lamlungu. Tsopano galimoto ya buledi imatsitsa matumba pampopi mpaka ine osaoneka kuseri kwake. Kabokosi kamang'ung'udza kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, kanjala, ndipo a zaumoyo akavomereza kuti kazikhala kanjala choncho. Manja a Namondwe apola, asalala, mphete yabwerera pachala. A Mapaipi akuti ndi magolovesi ndi mafuta. Ine sinditsutsa pagulu.

Koma tamverani ichi, inu amene muli ndi ana. Sabata yatha ndinaona zala zanga zitafiira. Dzana khungu la pakati pa zala layamba kusupuka. Lero m'mawa ndapeza mng'alu pa chala chachikulu. Ine amene madzi a mphezi sindinawakhudzepo chibwerere makinawo! Ine amene ndimagwira madzi apampopi okhaokha, panja, kuseri kwa khoma! Ndiye kuti chiyani? Paipi ya panja ndi ya m'chipinda muja ndi imodzi, ndinaitsata ndi maso mpaka pamene imalowera kukhoma. Njala ija yayamba kuyenda m'mipope.

Ndamuuza Namondwe. Ndinamuimika pakhomo, ndinamugwira golovesi, ndinanena chinthu chimodzi chokhacho, osaphatikiza denga kapena tayala. Anandiyang'ana, kenako anaitana mwamuna wake.

"Pita ukagule loko ina," anatero. "Ya kabati ya mkaka."